Dengu Lobooka pa Mtengo wa Pichesi

LOLEMBA

Ndadzuka ndikukumbukira dengu. Papita zaka khumi ndi zisanu. Telezinya, mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anaboola pansi dengu la amake, nalimangirira pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Mpira wake unali wa mapepala a pulasitiki okulunga ndi luzi. Anaponya, unalowa, iye n'kutembenuka kuti aone ngati ndaona. Ndinaona. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga n'chakuti, "Nanga kachewere tiika muti?" Ndinalimasula.

Zaka zitatu zapitazo timu ya basikete ya ku Beira inamuitana. Ndinati mpira si ntchito, ndipo ndinanena pamaso pa alendo. Anakwera shapa, minibasi ya kuno, napita. Kuchokera tsikulo amaimbira amake Lamlungu lililonse, ine ndikalowa m'nyumba amamaliza ndi "moni kwa onse". Ndili m'gulu la onse, pamodzi ndi mbuzi.

Amake akuti, "Imbani mupepese." Kunena n'kosavuta. Bambo wa kuno sapepesa mwana ndi pakamwa. Amagula nsalu, kapena amatuma amalume. Nsalu ndinatumiza, anathokoza amake. Amalume ake ndinawatuma, anakafika ku Beira, anabwera akusimba za kukula kwa nyanja.

Tsono ndapeza njira. Pa telefoni pali nkhani ya katswiri wa basikete wa ku Amereka, yemwe chithunzi chake Telezinya anamata pa makaderno ake onse, mabuku olembamo aja. Akuti munthu aliyense angasinthe moyo wake potsata khalidwe la mkuluyo. Ndakopera:

1. Kudzuka anthu onse akadagona.
2. Kuponya kambirimbiri, osachoka usanakwanitse.
3. Kusamvera ululu.
4. Kudziyang'ana pa vidiyo kuti uone zolakwa zako.
5. Kusaopa kusekedwa.

Cholinga: pofika Lamlungu ndilowetse mpira kakhumi motsatizana, andijambule, ndimutumizire wopanda mawu. Amvetsa.

Zimene ndili nazo: tchuthi cha feriya, mpira wobwereka kushikola kumene ndimaphunzitsa, pompi ya njinga, zaka makumi asanu ndi zinayi, mimba. Dengu ndatenga la kukhitchini, ndaboola ndekha amake ali kumtondo.

Madzulo ano ndaponya makumi awiri. Walowa umodzi, ndipo sunatuluke. Bowo lachepa. Ndautokosa ndi nsungwi.

LACHIWIRI

Kwatulu ola, folo koloko m'bandakucha. Ndadzuka. Chisanu chikuluma makutu, koma mtima ukunyada: dziko lonse lagona, ine ndi Katswiri tokha tili maso.

Ndatsegula chitseko. Msewu wadzaza.

Amayi a makeni othirira akutsikira kudimba. Anyamata a njinga akukankha matumba a mbatata ya kachewere kulowera kumalire ku Kalomwe. Pabwalo pathu posesedwa kale, amake akuchokera kumadzi ulendo wachiwiri. A Jowakimu, oyandikana nafe, athirira kale mizere isanu ya kabichi. Andiona ndi kabudula, aima.

"A pulofesolo, kwagwa maliro?"

Ndiye kuti ku Amereka munthu akadzuka kwatulu ola amamulembera nkhani. Kuno aNaPhiri a kutsidya achita zimenezi moyo wawo wonse, mdzukulu ali kumbuyo, ndipo palibe amene analembapo dzina lawo pa nsapato. Ine ndakhala pamudzi uno zaka makumi awiri osadziwa kuti ndine womaliza kudzuka.

Ndaponya zana limodzi. Yalowa itatu. Ina yapita mu kabichi wa a Jowakimu, ina pa denga, umodzi pa nkhuku. Nkhukuyo ili bwino koma yasiya kundikhulupirira.

Masana amake apeza dengu lili m'mwamba. Aliyang'ana nthawi yaitali, ayang'ana ine. Linali latsopano.

"Nanga kachewere tiika muti?"

Mkazi ameneyu amasunga mawu ngati mbewu.

LACHITATU

Ngati onse amadzuka kwatulu, ine ndidzuke teresi, ola limodzi iwo asanadzuke. Nzeru zake n'zomveka.

Vuto ndi mdima. Dengu silikuoneka, ndikungoponya kumene ndikukumbukira kuti kuli mtengo. Thukuta layamba, ndavula juzi ndi malaya. Ndikudumpha, ndikuwerenga mokweza kuti ndisasokoneze. Kunjira kwamveka keni ikugwa, kenako mapazi a munthu wothawa.

Pofika nthawi ya chakudya nkhani yazungulira. Akuti aphunzitsi aoneka akutamba kuseri kwa nyumba yawo, ali mbulanda, akuponya mutu wa munthu m'mwamba n'kumauwakha, uku akuwerenga mayina a anthu oti afe. Akuti ndinafika pa makumi anayi.

A Jowakimu abwera, akhala pa mpando, avula chipewa.

"Ife timakulemekezani. Koma ngati mukufuna udiretolo, ukulu wa pashikola, subwera chonchi."

Ndawaonetsa mpira. Augwiragwira, aununkhiza, akhutira kuti si mutu. Ndawauzanso za Telezinya, pang'ono chabe. Akuti, "Bwanji osangomuimbira?" Nawonso! Anthu awa amaganiza kuti telefoni ndi chinthu chongodina.

Phunziro loyamba ndalisintha. Tsopano likuti: kudzuka kukawala, utavala.

Lero yalowa isanu pa zana. Motsatizana, palibe.

LACHINAYI

Zimene zikupweteka: mapewa, msana, mawondo onse awiri, chala chapakati, ndi malo ena pansi pa nthiti amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Nkhani ija ikuti Katswiri ankasewera ngakhale atavulala, ndipo akamaliza ankaviika miyendo m'madzi oundana. Apa pokha tikufanana, chifukwa ku Angoniya madzi otere sitigula. Chidebe chagona panja. Ndaviika. Ndatchula oyera mtima asanu ndi awiri, ena mwa iwo kulibe m'buku lililonse.

Kuimirira kwakanika. Ndaponya nditakhala pa mpando. Mpira wakafika pakati pa ulendo n'kubwerera.

Ndiye ndalowa m'chipinda cha Telezinya, ndikuti mwina anasiya buku lophunzitsa kaponyedwe. M'bokosi muli makaderno. Limodzi, chikuto chake cha Matematika, mkati mulibe Matematika. Muli timizere tokhatokha, tinayi toimirira, kachisanu kopingasa, tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. Pamwamba pa tsamba lililonse pali tsiku ndi ola. Kwatulu. Kwatulu. Kwatulu ndi theka, pambali analemba kuti "mvula". Makaderno otere ndawerenga asanu ndi limodzi.

Ine ndinkamumva akutseka chitseko m'bandakucha. Ndinkati akupita kumadzi, n'kutembenuka kugona.

Ndawafunsa amake kuti ankaponya kuti. Akuti kuseri kwa khola la azakhali ake, pa mkombero wa njinga yakutha.

"Inu munkadziwa?"

"Nanga kachewere wowiritsa ankamupatsa ndani?"

Ndakhala pa kama wake mpaka dzuwa lapendeka. Ndakhala ndikufuna nzeru kwa munthu wa kutsidya la nyanja, pamene wina wa khalidwe lomwelo ankadyera mbale ya m'nyumba mwanga, ine n'kumamufunsa za mayeso okha. Zilembo zake ndi zanga. Nambala 7 amaidula pakati monga ndinamuphunzitsira.

Lero sindinawerenge kuti yalowa ingati. Ndachita manyazi ndi makaderno.

LACHISANU

Phunziro lachinayi, vidiyo. Telefoni yanga yadzaza, ndiye a Jowakimu akujambula ndi yawo. Ichi ndicho cholakwa chachikulu cha sabata ino, kuposa teresi ola.

Ndaponya, waphonya. Ndaponya, waphonya. Wachisanu ndi chinayi walowa n'kukakamira m'dengu. Nsungwi ija amake ayanikira zovala. Ndati Katswiri sakanadikira nsungwi. Ndadumpha, ndagwira mlomo wa dengu, ndalendewera.

Nthambi ya pichesi si chitsulo.

Ndapezeka ndakhala pansi, dengu landivala mpaka m'mapewa, mpira ukugudubuzikira ku kabichi. Kunja kwa dengu ndikumva a Jowakimu akubanika.

"Fufutani."

"Muone kaye zolakwa zanu, a pulofesolo."

Ndaona. Zolakwa zake ndi izi: lilime panja, maso otseka, chigongono chikuloza ku Malawi, miyendo yoyera ngati ndapaka ufa. Koma china sindinachiyembekezere. Munthu wovula dengu uja, nkhope yake ndi ya malemu abambo anga. Mlomo womwe uja wokana kuvomera. Anamwalira tisanayankhulane bwino za njinga imene ndinawaonongera ndili mnyamata. Iwo ankadikira ine, ine ndinkadikira iwo.

A Jowakimu alumbira kuti afufuta. Madzulo a katekisita anditumizira uthenga wondiyamikira: "Parabenzi." Vidiyo ija ili m'gulu la pa telefoni la kwaya.

LOWERUKA

Ndadzuka dzuwa litakwera. Palibe amene wadandaula.

Kumsika wa Domwe phunziro lachisanu lachitika lokha. Anyamata okweza matumba akufuula, "Ponyani, a pulofesolo!" Mayi wogulitsa madengu akuti lero samandigulitsa, ake ndi osungiramo zinthu. Mwana amene ndinamulepheretsa mayeso chaka chatha wandipatsa moni mwaulemu kwambiri, ulemu wopweteka.

Kuwerengera kwake: mawa ndi Lamlungu. Chapamwamba chimene ndafika ndi iwiri motsatizana, ndipo wachiwiriwo a Jowakimu akuti unalowera m'mbali. Nthambi yathyoka. Khumi kulibe, sikudzakhalako.

Ndakhala pansi pa pichesi ndi telefoni. Mawu ndakonza bwino, a Chinyanja ndi a Chipwitikizi, mwina angafune awo. Ndadina nambala ya Telezinya. Ndikupemphera kuti asayankhe. Wayankha.

Mawu onse aja athawa. Chimene chatuluka: "Chigongono chimakhala bwanji poponya?"

Kumbuyo kwake kukumveka mipira ikudunda.

"Ababa, ndinu?"

"Ndine."

"Ndakuonani. Timu yonse yakuonani. Mukuponya ngati mukutaya madzi otsukira mbale."

Mawu ake akula. Sindikudziwa ngati akuseka. Wafunsa kuti dengu n'lachiyani pa msinkhu wanga uno. Ndati ndapeza makaderno. Ndati lija la poyamba sindinayenera kulimasula, ndiponso zija ndinanena pamaso pa alendo. Mawu akuti pepa afika pakhosi, aima, ndawakankha. Atuluka aang'ono ngati a mwana wa mbuzi, koma atuluka.

Kenako wenzulo.

"Tereyino ikuyamba, tikukonzekera masewero."

Wadula.

Amake anali pa khomo la khitchini, mpeni m'manja, anyezi wosasenda. Akuti anyeziyo ndiye akuwavuta m'maso.

LAMLUNGU

Misa. Kugwada kwatheka, kudzuka andithandiza. A kwaya sakundiyang'ana kumaso, mapewa awo akugwedezeka pa Aleluya.

Zotsatira za sabata: dengu limodzi latha, nthambi imodzi, kabichi asanu ndi mmodzi, dzina langa. Katswiri ndamusiya, akhale ndi ulemerero wake. Maphunziro ake si abodza, kungoti amafuna munthu wina, ndipo munthuyo ali ku Beira, anadula telefoni. Mpira ndaupukuta, mawa ubwerera kushikola. Ndanena zimene ndimayenera kunena, mochedwa, moipa. Ngati sizikwana, ndilibe zina.

Titadya, telefoni ya amake yalira monga mwa masiku onse. Ndanyamuka kuti ndiwapatse mpata. Ndazungulira khola katatu, ndawerenga mbuzi zimene ndikuzidziwa kale. Ayankhula nthawi yaitali.

Amake atuluka, akupukuta telefoni ndi nsalu ngati yanyowa.

Timu ya Telezinya ikusewera ku Tete Loweruka likubwerali. Akuti tipite tonse awiri. Atidikira pa khomo la bwalo, kwinze ola, fili koloko masana, masewero asanayambe, ndipo akatha tikadyera limodzi. Ndawauza abwereze. Abwereza. Ndalemba apa, ndalembanso pa chikhatho.

Sindinamuonepo akusewera. Ngakhale kamodzi.

Pali lamulo limodzi, akuti ndi langa ndekha: ndikakhale kumbuyo, ndipo akaphonya ndisamulangize. Maola awiri athunthu mphunzitsi ali chete. Amake akuti ndiyambe kuyeserera lero.