Chitsulo Changa ndi Thumba la Apongozi

Lolemba

Apongozi akubwera Loweruka kuchokera ku Thyolo ndi thumba la chimanga. Chaka chatha thumba ngati lomweli linandigwetsa pa siteji anthu akuona, mpaka mayi wogulitsa mandasi ndi amene anakalifikitsa kunyumba. Chaka chino ayi. Ndisenza ndekha mtunda wonse.

Pulani: kunyamula chitsulo katatu pa sabata. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, faifi koloko m'mawa, ndisanapite kukasoka pa khonde. Ku jimu ya kuseri kwa msika sindipondako. Anyamata a kumeneko ntchito n'kubuula ndi kudziyang'ana pa galasi basi.

Changa ndapanga ndekha:
paipi ya a landilodi
zitini ziwiri za penti
simenti yotsala pomanga bafa

Simenti sinaume. Lero tapuma.

Lachiwiri

Si tsiku lake. Ndikuthirira simenti kuti ilimbe. Mayi a kunyumba: "Madzi amenewo ndachita kukatunga kumjigo." Anthu osadziwa masewera amavuta.

Lachitatu

Ndadzuka faifi, kabudula ndavala. Mpopi umene wakhala wouma masiku anayi wasankha lero kutulutsa madzi. Ola langa lonse lathera pa mzere wa zidebe. Pobwera ndapeza aneba ayanika matewera pa chitsulo changa. Ulemu m'Ndirande muno unatha kalekale.

Ndachotsa matewera, ndayesako kamodzi. Kani chitini china n'chachikulu kuposa chinzake. Ndadzuka nacho chopendekera kumanzere ngati minibasi yoboola tayala.

Lachinayi

Si tsiku lake. Pa foni ndaonera munthu wina wakunja, khosi lake ngati mtondo. Akuti woyamba kumene ayambe ndi chitsulo chopanda kanthu, azionjezera pang'onopang'ono. Paipi yokha? Ine, bambo wa ana awiri? Pang'onopang'ono n'za anthu opanda apongozi.

Lachisanu

Nzeru zabwera. Lolemba linapita, Lachitatu linapita, ndiye masiku onse atatu ndiwaphera limodzi lero.

kunjuta chitsulo chili paphewa, kasate
kuchidzutsa pansi, kasate
kuchikankhira m'mwamba, ndinasiya kuwerenga

A landilodi akutsuka mkamwa potero: "Paipiyo ndidzaifuna ili yowongoka." Nsanje.

Ndikumva mphamvu zedi. Kungoti pa khonde mwendo ukunjenjemera popalasa makina, moti siketi ya yunifolomu ndaipinda mokhota. Mwini wake ndamuuza kuti nsalu yake ndi yachabe.

Loweruka

Thupi lakana. Miyendo si yanga. Kuchimbudzi ndatsika chogwira khoma, kudzuka kwake sindilemba muno. Mabatani a malaya andimangira ndi mayi a kunyumba.

Pa siteji. Apongozi atsika, kondakitala waponya thumba pansi. Ndagwira m'makona. Lili phee. Ndagwiranso, msana wandichenjeza kamodzi kokha. Mayi wa mandasi uja wasiya ndi kugulitsa komwe, akuonerera.

Apongozi, munthu wa imvi mutu wonse, apinda chitenje kukhala nkhata. Mwana wawo, mayi a kunyumba, awatwika. Auyamba mtunda osapuma. Ine pambuyo, ndanyamula nkhuku imene abwera nayo.

Ndawamva akufunsa chapansipansi: "Mwanawe, bambowa umawapatsa chakudya?"

Manyazi andigwira, sindinama. Nkhukunso imalemera.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, kumeneko amagwada.

Mphepo ya m'mawa yafunkhula lata lathu la pakona. Apongozi ayang'ana denga, ayang'ana chitsulo changa. "Koma akamwini ali ndi nzeru. Anakonzeratu chopsinjira malata." Achinyamula okha, osabuula n'komwe, n'kuwapatsira a landilodi pa makwerero.

Sindinatsutse. Chichitireni chinkhoswe, aka n'koyamba kundiyamikira.

Ndagona pamphasa pabwalo, ndikuchiona padengapo. Chizigwira ntchito masiku seveni pa sabata, ine ndilibe nacho kanthu. Chaka chamawa ndidzakhala ndi maoda ambiri pa khonde, kusiteji sindidzapezeka.