Galimoto Yofiira ya Alamu

Lolemba

Alamu anga aSakala, achimwene ake a mkazi wanga, anyamuka m'mawa uno kupita ku Lusaka. Kampani yawo yogula thonje yawatuma kwa sabata yathunthu. Atisiyira makina awo a gemu kuti tiwasungire, poti kwawo ana ndi ambiri ndipo manja awo sakhala chete.

Mawu awo pakhomo: "Sewelani zonse, mulamu, koma motoka yofiila ija musaigwile. Pa Sondo nili na mpikisano na aMulenga."

AMulenga ndi mphunzitsi wa Chibemba, mbuya wathu wachipongwe, poti aBemba ndi ife a kum'mawa mwambo umatilola kunyozana. Awagonjetsa alamu katatu kotsatizana ndipo nkhaniyi amailengeza mpaka kumsika. Yofiirayo alamu aivutikira miyezi inayi m'gemumo kuti aipate. Ndi yokhayo ingawachotse manyazi.

Ndavomera ndi mtima wonse. Ndine munthu wamkulu, makanika wa zaka 19 pamsewu waukulu uno wa Petauke.

Masana ndayatsa. Ndikungoyang'ana. Kuyang'ana si kugwira.

Kodi muli tsamba lotsegula galimoto m'mimba! Masipuling'i, magiya, matayala, mabuleki, kutalika kwake kuchokera pansi, zonse zili ndi manambala oti usunthe ndi chala. Popanda jeke, popanda girizi, popanda kugona pa thumba. Mtima wanga wakondwa ngati wa mwana.

Koma zomwe ndaonamo:
– yakhala pansi kwambiri, ngakhale mwanapiye sangadutse kunsi
– matayala ake akuti ndi "ofewa"
– kumbuyo aimangira chiphiko chopanda ntchito

Ndani anaichita zotere galimoto yokongolayi? Ndaikweza pang'ono. Manambala awiri okha. Alamu sadzadziwa, adzangomva kukoma.

Lachiwiri

Manambala awiri sakuoneka ndi maso. Ndaikweza mpaka pomwe chala chathera. Tsopano ikuoneka ngati galimoto ya munthu woganiza za dzinja.

Masipuling'i ndalimbitsa monga ndimachitira ndi ma minibasi a anyamata ongogula kumenewa, amene amakweza anthu makumi awiri ndi matumba a chimanga pamwamba.

Kuyesa. Poyambira yanyamuka bwino. Pakona yoyamba yapendekeka ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi, n'kukalowa mu udzu. Ndamaliza wachinayi pa magalimoto asanu ndi imodzi. Dzulo, ndisanaigwire kwenikweni, ndinali wachiwiri.

Vuto ndi matayala, n'zachidziwikire. Gemu ikunena yokha kuti ofewawo amatha ukazungulira kangapo. Tayala lotha usanamwe tiyi! Ine tayala ndimalisoka, kuliika chigamba, kulitembenuza, mpaka lione Khisimisi itatu. Ndaika olimba kuposa onse.

Wachisanu.

Mkazi wanga, amake Misozi, akudutsa ndi beseni la zochapa, aima: "Manambala amene munapeza, mwalemba penapake?"

Ndawauza kuti makanika salemba, amasunga m'mutu. Atuluka. Sindikukonda momwe atsekera chitseko.

Zoona n'zakuti kugaraja ndikamamasula injini ndimandandalika mabawuti pa thumba, loyamba kumanzere, lomaliza kumanja. Muno mulibe thumba. Koma zibwera zokha.

Lachitatu

Lero magiya. Amene analipo ndi aatali, a munthu amene sanaonepo chitunda. Galimoto yotere itafika pa mapiri a Kacholola ingabwerere chafutambuyo mpaka ku Luangwa. Ndawafupikitsa onse.

Ikunyamuka ngati yalumidwa ndi mavu! Ndakuwa ndekha m'nyumba. Masekondi atatu ndinali kutsogolo kwa onse.

Kenako msewu wowongoka. Injini ikulira mpaka TV kunjenjemera, liwiro ayi. Onse andidutsa, wina ndi wina, mwaulemu.

Wachisanu ndi chimodzi. Kumbuyo kwanga kulibe munthu.

Abwera aDomingo a ku Nyampande, aja anabwera nthawi ya nkhondo ya kwawo ku Mozambique n'kukhazikika. Abweretsa pikapu yawo, ikutaya oilo. Andisowa kugaraja, anditsatira kunyumba. Ndawapatsa mpando kuti adikire pang'ono. Aonerera maulendo awiri, chipewa pabondo.

"Bambo, kumbuyo kwapepuka. Ise tikayenda opanda katundu timaikako matumba a mchenga."

Munthu wanzeru! Tafufuza, ndipo gemu ikulola kuonjezera kulemera. Taika konse komwe ikulola, konse kumbuyo. Chiphiko chija tachigoneka pansi, poti tonse awiri tagwirizana kuti n'chodzionetsera chabe.

Zotsatira:
– siikupendekekanso kwambiri
– siikukhotanso
– otsogola andipeza kuchokera kumbuyo n'kundidutsa kachiwiri

ADomingo akuti komabe ikuoneka yolimba. Tadya mbatata, tacheza bwino. Pikapu sitinaitsegule, aisiya pansi pa mtengo wa mango.

Lachinayi

Tsoka. AMulenga atulukira masana, ati akudzaona ngati "mbuya wasunga bwino katundu". Ndachedwa kuzimitsa.

Ayang'ana galimoto. Avula magalasi, apukuta, avalanso. Kenako akhala pansi pasimenti penipeni, kuseka mpaka kutsokomola.

"Imwe odya mbewa! Mwatenga motoka ya mpikisano mwapanga ngolo ya ng'ombe! Manje ng'ombe zili kuti?"

Ndawayankha kuti munthu wodya anyani asandiphunzitse za injini. Koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

Potuluka: "Musakonze chonde, napapata. Isiyeni chabe so mpaka pa Sondo."

Pofika madzulo, wogulitsa nyama pamsika wandifunsa ngati ngolo yanga ingamunyamulire mbuzi ku Nyimba.

Basi, zokonza zatha. Ndibweza zonse momwe zinalili. Ndakhala pansi ndi pensulo kuti ndikumbuke manambala a Lolemba.

Kutalika: 85? 58? Panali 8, ndikutsimikiza.
Masipuling'i: anali chapakati, kapena chakumanzere kwa pakati.
Magiya: asanu ndi limodzi, lililonse ndi nambala yake ya madontho. Palibe ndi limodzi lomwe labwera.

Amake Misozi aona pepala. Angondiikira tiyi pafupi ndi dzanja, modekha, ngati kwa wodwala.

Lachisanu

Nzeru yatsopano: zonse ndiike pakati. Pakati sipalakwika.

Palakwika. Ikuzungulira pakona ngati galu wofuna pogona.

Ndaitsitsa mpaka pansi. Ikukhula phula, moto ukuthetheka kunsi. Ndakweza kutsogolo kokha. Ikuyenda itayang'ana kumwamba. Mabuleki ndawagwiranso, sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti ndi okhawo anali asanandilakwire. Tsopano nawonso andilakwira.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi, chakuti ndikazula kakhadi kosungira gemu n'kukabwezeramo, zakale zibwerera. Ndazula, ndapemerera, ndabwezera. Ngolo yanga ili pompo. Kodi funso lachingerezi lija limabwera ndikamazimitsa, lomwe ndakhala ndikuliyankha kuti inde tsiku lililonse, limafunsa ngati isunge zomwe ndasintha!

Ndili ndi mantha, ndilembe poyera. Awa si alamu wamba. Kwathu kuno malume ndiye mwini ana. Misozi akadzafuna kukwatiwa, anthu adzayamba kwa aSakala, ine ndidzamva pambuyo. Pa zaka zonsezi sanandikwezerepo mawu, ndipo pamaliro amandiika pafupi nawo n'kumauza anthu kuti "mulamu wanga ni wokhulupilika". Andipempha chinthu chimodzi chokha. Chimodzi!

ADomingo adutsa kudzafunsa za pikapu. Ndati mawa. Afunsanso za yofiira. Ndapukusa mutu. Avula chipewa.

Loweruka

Ndadzuka ndi mtendere wa munthu amene wagonja.

Zochita lero:
1. kusiya kugwira manambala
2. kugula tambala wopepesera
3. kukonzekera mawu

Tambala ndamupeza, wamkulu, wofiira. Mtundu sindinasankhe dala. Ndamumanga mwendo kuseri kwa khitchini.

Mawu ndayeserera kwa amake Misozi. "Alamu, ine monga munthu wa ntchito ya manja, ndinaona zofooka zina..." Andidula: "Nenani chabe kuti munagwila."

Nambala 1 yandikanika. Ndaganiza kuti ngati ndikufa, ndifere ntchito yanga yeniyeni, osati zapakatipakati za dzulo. Ndaibwezera momwe ndinaikonzera ine: yokwera, masipuling'i olimba, matayala osatha, magiya a chitunda, mchenga kumbuyo. Ndaiyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira bwalo lonse, osapikisana ndi aliyense. Sinagunde kanthu. Kuli mitengo yokongola m'mbali mwa msewu umenewu, ndi kanyumba koyera paphiri. Othamanga aja sakudziwa n'komwe.

Ndinene zoona, ndaikonda. Imeneyi ingafike ku Mwape nthawi ya mvula, itanyamula odwala awiri ndi njinga.

Amake Misozi apempha kuyesako, koyamba m'moyo wawo. Asankha kagalimoto koyera kamene gemu imapatsa oyamba kumene. Akhota ndi thupi lonse, kukuwa "Mayo! Mayo!" pakona iliyonse. Amaliza achitatu. Abweza chogwirira cha gemu n'kupita kukaphika.

Sindikufuna kulembapo zambiri.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki.

Alamu afika ndi basi ya masana. AMulenga anali atakhala kale pampando wanga, atabwera ndi aphunzitsi anzawo awiri oti adzachitire umboni. ADomingo nawo alipo, ati adzaona pikapu.

Ndatenga tambala, ndagwada pang'ono pakhomo. Mawu onse okonzekera athawa. Ndangoti, "Alamu, ninagwila."

Alowa, ayatsa. Ngolo yaonekera pa TV, yataliitali, matako pansi. Aphunzitsi aja agwirana mapewa. Alamu ayang'ana nthawi yaitali, ine tambala ali m'khwapa, mtima ukugunda pamodzi ndi wake.

Kenako atsitsa chala mpaka pansi penipeni pa tsamba la manambala, pa kamawu kachingerezi kamene sabata yonse ndimakayesa dzina la kampani. Adina kamodzi.

Galimoto yakhala pansi. Chiphiko chadzuka. Manambala onse abwerera. Kutalika kunali 95. Munalibe 8.

"Aka kamabweza monga inachokela ku fakitale," atero alamu. "Ine sininasinthepo kanthu, mulamu. Amene anaipanga anali atamaliza kale."

Masiku asanu ndi limodzi a ntchito yanga, kuphethira kumodzi.

Mpikisano wachitika. Alamu apambana ndi mphuno yokha, pakona yomaliza. AMulenga akuti chogwirira chawo chinali ndi mafuta a mbatata. Ndavina pakhonde, sindikubisa.

Tambala amulandira ndithu. Ati mlandu ndi mlandu, ngakhale utatha msanga. Pochoka andigwira paphewa n'kunena kuti mwezi wamawa akapitanso ku Lusaka makina adzawasiya kuno, chifukwa mulamu wawo sanama. Kakhadi kokha adzapita nako m'thumba.

Ndakondwa. Koma ngolo yanga yapita, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa momwe ikanakwerera pa Kacholola.

Anthu atabalalika ndapita pansi pa mango, ndatsegula pikapu ya aDomingo. Ndasuzumira kunsi kwa chiwongolero, ndapapasa paliponse, mwina nayonso ili ndi kabatani kotere. Mulibe. Muli chisa cha mavu ndi waya amene ndinamangirira ndekha chaka chatha.

Ndayala thumba pansi. Bawuti loyamba kumanzere.