Laputopu ya Alamu ndi Kenelo

Lolemba
Aphunzitsi athu a ku koleji ku Chipata atumiza ntchito pafoni. Tilembe kapulogalamu kotenga mawu amene munthu walemba n'kuwakopera mu memori ya kenelo, mkati mwenimweni mwa kompyuta momwe mumayendetsedwa zonse. Ukaphonya m'menemo makina onse amaima. Tipereke Loweruka. Laputopu ndilibe. Alamu, akazi a akulu anga, amene amaphunzitsa ku pulayimale, andibwereka yawo. "Muli mayeso a ana anga a Giredi 6 umo, musamale."

Lachiwiri
Zofunika:
kuyeza kutalika kwa mawu ndisanakopere
kuona ngati adiresi ya mawuwo mu memori ilidi kumbali ya wolembayo
kusiya ngati kukopera kwalephera
Ndasunga kamalo kochepa m'kenelo. Ndalemba "moni". Walowa, wabwerera wamoyo! Zoyeza kutalika ndiika mawa.

Lachitatu
Magetsi kulibe pa boma ponse. Batire yatha. Ndikungozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Lachinayi
Magetsi abwera. M'malo moti ndikonze, ndikuonetsa alamu mwamatama. "Lembani chilichonse." Ine ndikuyembekezera moni. Iwo akulemba nyimbo yonse ya kwaya, ndi kolasi yomwe! Mawu asefukira kamalo kanga, apondaponda za kenelo. Sikirini yauma gwa. Akundifunsa: "Alamu, yatani?" Ndikuti ikupuma. Thukuta mpaka m'makutu.

Lachisanu
Yayaka! Ndavina ndekha. Kenaka ndatsegula mayeso aja. Masamu akuthera pa funso lachitatu, kunsi kwake timabokosi tokhatokha. Anali otsegula pamene makina amafa. Ana adzalemba Lolemba! Ndauza alamu nditagwada. Sanakalipe, angoti "Ooh." Bola akanakalipa.

Loweruka
Tsiku lonse ndikulembanso mayeso. Alamu akusenda nsawa pakhonde, akutchula mafunso amene akukumbukira, ena akuwapeka pomwepo. Nkhuku zikudya bwino, ine ndikungolemba. Ntchito ya ku koleji sindinapereke. Ndalembera aphunzitsi zonse. Ayankha mwachidule: "Unayeza kutalika?" Foni ndaivundikira ndi mbale.

Lamulungu
Kulembanso mayeso kwatha. Laputopu yalowa m'sutikesi, kiyi ali pansonga ya chitenje cha alamu, ndipo apita naye ku tchalitchi. Ine ndakhala pakhonde n'kulemba zoyeza kutalika zija kuseri kwa katoni ya sopo. Ndi mizere iwiri. Iwiri basi! Phunziroli ndibwereza temu ya mawa. Akulu anga akuti pakadali pano thonje ku Zemba likufuna otola.