Bokosi la Pulinsi

Nkhani iyi ndikuuzeni ndekha, anzanga, chifukwa madalaivala a pa boda akamaifotokoza amaithira mchere wambiri, pamene iyoyo ndi yowawa kale payokha.

Ine ndimagwira ntchito pa kaofesi kena kothandiza anthu kutulutsa katundu pa malire a Mwanza. Ndikati ofesi musaganize zapatali, ndi kontena chabe, tebulo limodzi, mipando itatu ndi fani yoti imazungulira ikafuna yokha. Eni ake ndi Mayi Nankhoma, munthu wosaseka nthawi ya ntchito. Pamene izi zinkachitika n'kuti nditangotha miyezi inayi, akundiyesabe, asanandilembe kwenikweni, komanso kunyumba mkazi wanga ali wotopa, tikudikira mwana wathu woyamba. Ndiye mumvetse kuti ntchitoyo ndinkaigwira ngati dzira.

Tsiku lina mu Okutobala Mayi Nankhoma anandiitana nati, "Fatsani, mawa ndili ku maliro ku Thambani. Kubwera alendo olemekezeka kuchokera ku Tete, mapepala a zida zawo zoyimbira ali mufayilo yofiirayo. Usandichititse manyazi."

Nditatsegula fayiloyo dzina ndinaliwerenga kawiri. Anali woyimba uja wamkazi amene nyimbo zake zimalira mu minibasi iliyonse ndi pa ukwati uliwonse. Dzina sinditchula, mukumudziwa nonse. Pulani yanga inali yosalakwa ngakhale pang'ono: kugwira ntchito bwinobwino, kenako kupempha kachithunzi kamodzi kuti ndikamuonetse mkazi wanga. Basi. Kodi pamenepa pali tchimo? M'mawa mwake ndinavala malaya oyera ndi thalauza la suti yanga ya ukwati, lija limandithina pang'ono masiku ano.

Anafika dzuwa lili paliwombo, galimoto yakuda ya magalasi osaoneka mkati, kumbuyo kwake kalole ka zida. Woyimbayo sanatsike n'komwe. Anatsika ndi manijala wake, bambo wamfupi wa mafoni awiri, atanyamula bokosi la pulasitiki lalikulu ngati katoni ya sopo, lokhala ndi kachitseko ka waya, lofunditsidwa nsalu.

"Achimwene, ife tikukadya kaye ku boma, madamu atopa. Ili ndi bokosi la Pulinsi, m'galimoto mwapanikizika. Likhale pamthunzi."

"Pulinsi ndi ndani, bwana?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti Blantyre ili kuti. "Simumudziwa Pulinsi? Buluzi wa madamu. Anachokera kutsidya kwa nyanja ameneyo, anakwera ndege. Madamu mutawaswera gitala akhoza kukukhululukirani, koma osati Pulinsi."

Anatero akuyankha foni, n'kukwera galimoto, ulendo.

Ndinatsala ndekha ndi bokosi lija. Buluzi, anzanga! Ife kwathu kwa Kanduku buluzi timamuthamangitsa ndi tsache, uku wina akukwera ndege. Ndiye ndinati popeza mwini wake sindinamuone, bwanji ndijambulitse ndi buluziyo, nayenso ndi wotchuka ndithu. Ndinakweza nsalu ija, mkati muli mdima, ndikungoona utuchi ndi chikuni. Ndinatsegula kachitseko n'kuyamba kuitana motsitsa mawu, "Pulinsi, Pulinsi." Zii.

Nthawi yomweyo mnzanga wa ofesi yoyandikana anasuzumira pakhomo akukuwa kuti a kasitomu afika pa kalole kaja, akufuna mapepala pompano, ndikachedwa apita kwina. Ndinatola fayilo n'kuthamanga. Kumeneko tinawerenga masipika, ng'oma, mawaya, zonse zinayenda bwino, ndinabwerera ndikuyimba kamluzu, ndikudziona kale ndili wolembedwa ntchito.

Kulowa m'kontena, kachitseko kaja kali yasa!

Ndinawalitsa tochi ya foni m'bokosimo. Utuchi. Chikuni. Kambale ka madzi. Ndinatulutsa chikunicho n'kuchitembenuza, ndinapalasa utuchi ndi zala ngati nkhuku, ndinafika posuzumira pansi pa kambale, ngati buluzi wokwera ndege angabisale pansi pa kambale. Mulibe. Ndinakwawa pansi pa tebulo, ndinakhuthula makatoni a mafayilo, ndinagwedeza nsapato za Mayi Nankhoma zimene amasiya pakona. M'mutu munkangobwera zithunzi: ine ndili pa polisi, ine ndili pa Fesibuku dziko lonse likunditukwana, ine ndikuuza apongozi kuti ntchito yatha chifukwa cha buluzi. Munthu ungayambire pati kufotokoza zimenezo?

Foni inalira. Mayi Nankhoma.

"Alendo afika?"

"Afika, madamu. Zonse zili bwinobwino."

"Nanga ukupumiranji choncho?"

"Kutentha, madamu. Fani yaima."

Apa ndiye ndinawonjeza bodza pamwamba pa tsoka. Ndinatuluka panja n'kupeza a Zuze, bambo wachikulire wa kabaza amene amaimika njinga yake pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kontena yathu. Iwowa anabadwira ku Zobue, kutsidya kwa malire ku Mozambiki, ndipo palibe chinthu pansi pano chimene anganene kuti sakuchidziwa. Ndinawanong'oneza vuto langa, n'kusaka pa foni chithunzi cha woyimba uja atanyamula chiweto chakecho. Chinapezeka chimodzi, cha pa siteji, magetsi amitundumitundu, chibuluzi chachitali mchira uli lendee.

"Epa!" anatero a Zuze. "Ameneyu ndamuona pompano, amigo. Wadutsa apa, walowa m'ngalande kuseri kwa malole uko."

Ndikanatha ndikanawapsompsona. Tinatenga thumba la ufa lopanda kanthu n'kuthamangira kungalande kuja, kumene amayi ophika amatayako makoko a mazira ndi madzi otsukira mbale. Ndipo analipodi. Chibuluzi chotalika kuposa mkono wanga, chili phee pamatope, lilime likungotuluka n'kulowa.

Koma mtima unakayika. "A Zuze, wa pachithunziyu akuoneka wobiriwira. Uyu bwanji ndi wakuda wamaangamaanga? Imeneyi si ng'anzi?"

"Inuyo mutakwawa m'ngalande muno mungatuluke muli oyera? Ndi litsiro limenelo. Komanso ng'anzi ya kuno ndi ya kunja zimasiyana pasipoti basi."

Munthu ukakhala pa mavuto umakhulupirira aliyense wolankhula molimba mtima. Ndinagula bisiketi pa kaokala, n'kugwada m'mphepete mwa ngalande ndi thalauza langa la ukwati, n'kuyamba kunyengerera. Ndinaona kuti chinyama cha anthu olemera sungachiitane ngati galu, ndiye ndinkati, "A Pulinsi, tiyeni kunyumba bwana. Madamu akubwera. Bisiketi uyu."

A Pulinsi anafufuma khosi n'kuchita fooo!

"Akulankhula Chingelezi," anatero dalaivala wina ali pamwamba pa lole yake. Kutembenuka, ndinapeza madalaivala asanu asiya bawo, akuonerera.

Ndinatambasula dzanja. Abale inu, mchira uja! Thwaa, pamsongolo penipeni, ngati mphunzitsi wa masamu wakwiya. Ndinalumpha, phazi linaterereka, ndinakagwa chagada m'matope muja, ndipo ndili m'malere ndinamva thalauza likuti phwee kumbuyo, kuyambira pa lamba mpaka pansi. Madalaivala anaomba m'manja. A Zuze, amene paubwana wawo ankasaka zinthu zotere, anaponya thumba lija, n'kugwira pakhosi, n'kukulunga. Chinthucho chinkaphiriphitha m'thumbamo ngati muli anthu awiri akumenyana.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kuganiza. Kodi chiweto chimene mayi amachinyamula pa siteji chingamenye chonchi? Koma ine nzeru zinali zitatsala m'ngalande. Chimene ndinaganiza n'chakuti sindingabweze Pulinsi wa eni ake ali ndi matope a pa boda, akununkha madzi a mbale. Tinapita naye kuseri kwa kontena, a Zuze atagwira khosi ndi mchira, ine ndili ndi ndowa, kansanza ndi sopo wonunkhira wa Mayi Nankhoma wosambira m'manja. Ndinamusambitsa, anzanga. Kumsana, kumimba, m'khwapa. Zikhadabo zake zinandilemba mizere m'mikono monse, ine ndikungopepesa, "Pepani bwana, tatsala pang'ono."

Vuto linali loti ndikamakhula, maanga achikasu aja ndi amene ankawala. Kubiriwira osabwera.

"A Zuze, sakusinthatu."

"Ndi mantha. Akakhala pansi mtima abwerera mtundu wake, ngati bilimankhwe."

Mumtima ndinali nditadziwa kale kuti pali chimene chalakwika, koma foni inaliranso, manijala uja. "Achimwene, tili panjira, mphindi zisanu. Mapepala akhale okonzeka." Tinamukankhira m'bokosi muja, mchira unakana kulowa mpaka tinachita kuupinda kawiri, ndinatseka kachitseko, kufunditsa nsalu, kupukuta matope kumaso, n'kukhala pampando kuseri kwa tebulo. Ndinalumbira kuti zivute zitani sindiimirira, chifukwa cha nkhani ya kumbuyo ija.

Galimoto yakuda inaima. Ulendo uno woyimbayo anatsika, ndipo boda yonse inasefukira pa kontena yathu: osintha ndalama, akabaza, amayi ogulitsa manachesi ndi madengu awo pamutu, aliyense foni m'mwamba. Analowa akumwetulira, wokongola kuposa pa TV, nsapato zazitali zogogoda.

Paphewa pake panali buluzi.

Wobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, timinga tili ndondondo kumsana, kalamba kofiira pachifuwa, wofatsa ngati mkwatibwi.

"Muli bwanji achimwene?" anatero woyimbayo. " Pepani takuchedwetsani. Pulinsi, apatse moni ankolo."

Sindikudziwa ngati munayamba mwamvapo mtima ukuima koma iwe uli moyo. Pulinsi anali atapita nawo kokadya. Bokosi lija anandisiyira linali lopanda kanthu chiyambire. Ndiye ngati Pulinsi ndi uyu, m'bokosimu ndasungamo ndani? Ndinayang'ana pakhomo kuti a Zuze andithandize, ndinangoona fumbi la njinga yawo.

Bokosi linachita gudu! gudu!

"Madamu," ndinatero, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwanapiye, "m'bokosimo muli kankhani pang'ono."

Ndi phokoso la anthu lija sanandimve. Anawerama, kuchotsa nsalu, akumuuza Pulinsi wake kuti, "Tiye ukagone, bebi," n'kutsegula kachitseko.

Ng'anzi ija inatuluka ngati chipolopolo. Inadutsa pakati pa miyendo ya madamu, inakwera patebulo, mapepala onse a kasitomu balala, inagwetsa fani, n'kutembenuka kulunjika ine. Madamu anakuwa mawu okwera kuposa a mu nyimbo zawo zonse ali pamwamba pa mpando, nsapato imodzi ili kwina. Manijala anaponya mafoni onse awiri n'kukanirira pakhomo ndi anthu amene ankafuna kulowa pomwe iye ankafuna kutuluka. Ine lumbiro langa lija ndinaliiwala, ndinadumphira patebulo n'kufulatira khamu lonse, ndipo boda yonse ya Mwanza inaona mtundu wa kabudula wanga wamkati. Ng'anzi inapeza mpata, inadutsa pakati pa anthu, madengu anagwa, manachesi anagubuduzika mpaka kumsewu, iyo n'kubwerera kungalande kwake ikununkhira sopo.

Pulinsi yekha ndi amene sanatekeseke. Anangotseka diso limodzi.

Kutakhala bata, manijala anandiloza chala. "Iwe! Chimene chija n'chiyani? Ukudziwa kuti chilolezo chathu chikunena buluzi mmodzi? Umafuna atimange?"

Ndinatsika patebulo, manja kumbuyo kugwira thalauza, n'kuulula zonse. Kachitseko, ngalande, bisiketi, thumba. Ndinkalankhula ndikuyang'ana pansi, ndikudziwa kuti ntchito yapita. Madamu anatsika pampando paja n'kununkhiza m'bokosi muja.

"Nanga fungo la sopoli?"

"Ndinaisambitsa, madamu."

"Munaisambitsa ng'anzi?"

"Ndimafuna ibiriwire."

Anandiyang'ana, milomo inayamba kunjenjemera, kenako anaphulika. Anaseka mpaka anakhala pansi pa kontena, misozi ikuchotsa zopakapaka kumaso, akumenya pansi ndi nsapato yotsala ija. Manijala yekha ndi amene sanaseke, ankatola zidutswa za foni. Mapepala tinawatolera, ena ali ndi mapazi a ng'anzi, koma chidindo chinkaoneka, ndipo zida zinatuluka tsiku lomwelo.

Mayi Nankhoma anaonera kanema wake ali ku maliro komweko, wina atawatumizira. M'mawa mwake ndinafika ndili wokonzeka kubweza makiyi. Anandisiya chiimire nthawi yaitali akulemba zawo, kenako anavula magalasi.

"Fatsani, ndakalambira pa boda pano. Ndaona ma ejenti osowetsa katundu, ndaona ophwanya katundu, ndaona akuba katundu. Koma wowonjezera katundu wa kasitomala, ndiwe woyamba. Khala pansi ugwire ntchito, ndilibe mphamvu zofotokozera a leba chifukwa chokuchotsera."

Ndiye kuyambira tsiku limenelo, anzanga, munthu akandisungitsa bokosi, ngakhale linditchule dzina, ngakhale liyimbe nyimbo ya fuko mkatimo, ine sinditsegula. Ndipo chinyama chilichonse chimene ndachipeza m'ngalande, chikhale momwemo ndi litsiro lake, chikasambe kwa amake.