Sabata Imene Ndinasungira Wailesi Chuma

Lolemba
Kalata yafika kuchokera ku likulu la wailesi ya boma. Akuti ndalama zachepa, achotsa anthu. Alonda pa mlongoti uno wa ku Ngabu tilipo awiri: ine ndi a Dzimbiri, amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe. Atsala mmodzi. Tadala wanga ali ndi miyezi isanu yokha. Amake akuti, "Bambo a Tadala, pezani nzeru." Nzeru ndili nayo: mabwana aone kuti kusunga chuma ndimakutha.

Lachiwiri
Ndayendera mpanda wonse. Zowononga:
- babu la pageti, loyaka ndi masana omwe
- mpopi wodontha
- makina oziziritsa m'chipinda cha mawaya

Chachitatuchi ndiye chandipsetsa mtima. Mwana wanga thupi lonse tiziphuphu ta thukuta, koma bokosi lachitsulo la m'chipindamo likupemereredwa ngati nduna! Lilibe ndi khungu lomwe.

Lachitatu
Babu ndachotsa. Mpopi ndamanga ndi mphira. Oziziritsa aja ndazimitsa teni koloko. A Dzimbiri akuti, "Mphwanga, zimene asiya akatswiri sitigwiragwira." Kaduka basi, aona kuti ndawapitirira. Chitseko ndasiya chotsegula, mphepo ya Mulungu ilowe yaulere.

Lachinayi
Mphepo sinalowe. Mwalowa mbuzi. Dzuwa lili paliwombo bokosi lalira kawiri, lanunkha ngati tayala lopsa, kenako zii. Kuyambira kuno mpaka ku Nsanje wailesi ikungoti shiii. Ndayatsanso oziziritsa. Chipinda chazizira bwinobwino, bokosi silikudzuka.

Lachisanu
Kumsika sikukudutsika. Alimi akufuna kumva za mvula. Mayi wogulitsa milamba akuti uthenga wa maliro a mlamu wake sunafike ku Makhuwira. Apongozi nawo: "Mkamwini, mwatiphera wailesi?" Ndaimba ku likulu kuti ndiulule ndekha, mwina angandimvere chisoni. Foni ikungoitana. A Dzimbiri akuti woyankha foni anamuchotsa mwezi watha.

Loweruka
Kwabwera galimoto, munthu mmodzi. Dalaivala ndi yemweyo, katswiri ndi yemweyo. Sanafunse n'komwe amene anazimitsa. Waimbira mabwana pa foni yake, kenako akutiuza kuti, "Masiku awiri zii, ku likulu sikunafike dandaulo ngakhale limodzi. Ndiye kuti kuno samvera."

Samvera? Nanga ine amene ndatukwanidwa m'Chisena ndi m'Chimang'anja chomwe? Wakhoma loko pageti n'kupita. Mlongoti watsekedwa. Alonda otsala: palibe.

Lamulungu
Kutchalitchi a Dzimbiri akhala benchi lina. Amake Tadala angondiikira khasu pakhomo, mpini watsopano. Dimba la apongozi lili kutali, kufupi ndi Shire. Mawa ndilawirira.

Koma chuma ndawasungiradi mabwana: magetsi onse, ndi malipiro a anthu awiri m'malo mwa mmodzi. Ndani wina wakwanitsa zotere m'sabata imodzi?