Mpatuliro Umodzi wa a Nambewe

Mpaka lero ndikamva mvula ikugwa pa malata a kalasi ya Sitandade 3, nsanje imandigwira. Ndatopa nayo kuisunga ndekha.

Pasukulu yathu, kufupi ndi Mayani, Chingerezi chinali changa. Kalata yopita ku boma, mawu olandirira alendo, ngakhale makhadi a ukwati, zonse zinkadutsa m'manja mwanga. Ndinali ndi mawu ataliatali oti anthu akawamva ankangogwedeza mutu (kaya ankamvadi, sindinkafunsa). Kenaka kunabwera mphunzitsi wachitsikana, a Nambewe, wongochoka kumene ku koleji. Munthu waulemu, wosalankhulalankhula, ndipo Chingerezi chawo chinali chachifupi ngati mchira wa mbuzi.

Mphepo itasasula denga la Sitandade 3, ana ankaphunzirira pansi pa mtengo. Tinamva kuti kukubwera alendo a bungwe lina lothandiza sukulu, pamodzi ndi mayi wina wachizungu, ndipo a hedi anatiitanira mu ofesi.

"Alendowa akuti ali ndi nthawi yochepa," anatero a hedi. "A Nambewe, mutilembere mawu owalandira. Chachikulu tipemphe malata mvula isanayambe."

Ndinamwetulira nawo, koma mtima unandiwawa. Ine ndili pompo, ntchito yanga n'kupatsa mwana wa dzulodzuloli?

M'mawa mwake a Nambewe anabwera ndi kapepala, atakagwira ndi manja awiri. "Aphunzitsi, mungandionereko mipatuliro? Timichira timeneti m'Chingerezi timandisokoneza."

Mawu onse anali theka la tsamba. Takulandirani, denga lathu linasasuka, ana alibe pophunzirira, tikupempha malata, zikomo. Basi. Chowawa kwambiri n'chakuti mawuwo anali abwino. Ndinawerenga katatu kusakasaka cholakwika, n'kungopeza mpatuliro umodzi wosowa. Umodzi wokha.

Ndinauika. Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ndinadzifunsa kuti, kodi munthu amafika pakhomo n'kupempha mchere asanalonjere eni nyumba? Ndiye malata aja ndinawasunthira kumapeto. Kutsogolo ndinaika malonje: alendo, mafumu, a komiti, abusa ndi ansembe omwe (kwathu kuno ukatchula mmodzi yekha mwa awiriwa waputa mlandu), aliyense ndi maudindo ake onse. Kenaka mbiri ya sukulu, kukongola kwa Phiri la Dedza, kukoma kwa kachewere wathu. Ndikaika mpatuliro ndinkaona kuti patsogolo pake pali malo, ndiye ndinkawonjezerapo mawu ena. Masamba anakwana asanu ndi awiri.

A Nambewe atawaona anafunsa motsitsa mawu. "Sanatalike, aphunzitsi?"

"Mudakali ana, madamu," ndinatero. "Mlendo umayamba wamuyalira mphasa."

Sindinalekere pamenepo. Ndinakauza a hedi kuti mawu a mtsikanayu ndi aang'ono, pabwalo samveka, kuli bwino ndiwerenge ndine. Anavomera osawaona masamba aja.

Tsikulo ndinavala jekete ndi taye. Alendo anakhala pamipando pabwalo, thumba la kachewere la mphatso lili pambali. Ndinayamba, ndipo pa mpatuliro uliwonse ndinkapuma n'kuyang'ana anthu kuti aone mwini Chingerezi. Tsamba loyamba lonse linathera malonje. Ndili pa lachiwiri, kuphiri kunayamba kuda. A hedi anatsokomola kawiri, ine n'kumayesa chimfine (kuno kumazizira, aliyense amatsokomola). Ndili pa lachinayi, ndikutamanda kachewere, dontho lalikulu linagwera papepala. Dalaivala wa alendo anakawanong'oneza kuti msewu wathu ukanyowa galimoto sikwera chitunda.

Mayi wachizungu uja anaimirira n'kundigwira chanza. Anati wasangalala kumva kuti sukulu yathu ikuyenda bwino chotere, ndipo akauza anzake kuti kuno kulibe vuto. A hedi anandiyang'ana osaphethira. Malata anali akadali pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, m'dzanja langa, akunyowa.

Anthu akuthawa mvula, a Nambewe anatenga ambulera n'kumuperekeza mayiyo kugalimoto. Atafika pachitseko analoza kalasi yopanda denga ija, n'kunena chiganizo chimodzi. Ndinachimva ndekha, mawu ake sanakwane khumi. Mayiyo anacheuka, anayang'ana kalasiyo, n'kulemba m'kabuku kake.

Malata anabwera patapita milungu itatu. Kalata yowaperekeza inali ndi dzina la a Nambewe, langa osaonekamo ngakhale pangodya. Makolo mpaka pano amati "kalasi ya a Nambewe". Ndiye a Nambewe eni akewo anabwera kudzandithokoza chifukwa cha mpatuliro uja, mochokera pansi pa mtima. Kukanakhala bwino akanangondiseka.

Chaka chino a hedi andipatsa Sitandade 3 yomweyo. Mvula ikakula pa malatawo ana sandimva, ndiye ndimangokhala chete kudikira kuti ikate. A hedi akuti ndi nthawi yokhayo yomwe ndimalankhula mwachidule.

Ndamva, kupempha n'kunena chomwe ukufuna munthu asanaimirire. Komabe masamba aja ndinawayanika, ndikuwasunga m'kabati. Tsamba lachisanu ndi chiwirilo ndi lokoma zedi, ndipo palibe amene analimva.