Penti Wobiriwira pa Jekete la Atsibweni

Nkhani iyi ndikaikumbukira mtima umachita kuwira, ndiye ngati mukudikira kuti ndiyambe ndi kupepesa, iwalani. Olakwa alipo, ndipo ali kutali, kumafakitale a penti, kumene anthu a mataye amangodzuka m'mawa n'kugamula kuti chinthu chabwino chileke kupangidwa. Iwo akugona tulo tabwino. Ine mpaka lero ndikadali mkamwini kwa Zulu, ndipo ngakhale ana a m'mudzimo amadziwa chifukwa chake.

Ntchito yanga ndi yopanga timagalimoto. Sindikunena ta mawaya tothamangitsa ana m'fumbi ayi (munthu akati "zidole" ndimafuna kumuluma khutu). Ndimapanga timalole tofanana ndendende ndi malole enieni: thupi la zitini, matayala a patapata zakutha, magalasi odula ku mabotolo a pulasitiki. Ogula anga ndi madalaivala a mathiraki amene amachedwa pa Boma ndi pa boda kudikira mapepala. Vuto ndi lakuti ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, ndiye ndimapalasa njinga katundu ali m'katoni, pofika pa Boma kena kathothoka tayala, kena kapindika denga. Chimene ndakhala ndikupempha ndi chimodzi basi: chitengwa. Andilole nditenge amake Tadala ndi ana tikakhale pa Boma, pafupi ndi ogula.

Wovomera kapena kukana ndi atsibweni a mkazi wanga, a Mbewe, eni mbumba. Ndi munthu wanthabwala, koma nthabwala zawo zimaboola. Pa unyamata wawo ankayendetsa lole yobiriwira yonyamula mtedza kupita ku Lilongwe, ndipo dzuwa sililowa asanaitchule. Loleyo inafa kalekale, chinatsala ndi chitseko chimodzi chimene anatsekera khola la mbuzi. Ankhoswe anga akapita kukatchula za chitengwa, yankho limakhala lomwelomwelo: "Mwana wa mlongo wanga akadya chiyani kutauniko? Zitini?"

Tsiku lina ndikudutsa pa kholapo ndinayang'ana mkati mwa chitseko chija, mbali imene dzuwa silifika, ndipo nzeru inandibwerera. Ndiwapangira lole yawo. Aione, aigwire, adziwe kuti zitini zimenezi zili ndi mutu. Thupi ndinapanga bwinobwino, mpaka kupindika kwa bampala kumene amakonda kufotokoza kuti anagunda ng'ombe ya mwini. Chinatsala ndi mtundu. Kubiriwira kwa chitsekocho n'kwakuya, ngati tsamba la mango lokhwima, ndipo ine ndinkadziwa penti mmodzi yekha wotero: wa m'tizitini ting'onoting'ono, tokhala ndi chivindikiro chopakidwa mtundu wake. Ndinayambira ntchito pa penti ameneyu. Amanunkha mpaka mutu kuwawa, koma akauma mumadziona nkhope.

Ndinapita kwa a Twaibu, amene ali ndi sitolo ya zipangizo pa Boma, kumene ndakhala ndikugula chiyambire.

"A Twaibu, ndipatseni kachitini kobiriwira kaja."

"Tinatha, achimwene. Ndipo sitibweranso. Amene ankatibweretsera akuti eni ake anasiya kupanga."

"Anasiya? Anafunsa ndani?"

"Nanga akanafunsa inu?"

Taonani mayankho ake! Munthu ndamugula kuyambira sitolo yake ili ya nsungwi. Kenaka ananditulutsira kabotolo kapulasitiki, akumwetulira ngati akundipatsa mkazi. Akuti uyu ndi watsopano, wa madzi, sanunkha, amauma msanga, bulashi mumangotsuka pa mjigo. Nditatsegula ndinapeza kubiriwira kwake kuli ngati ndowe za ng'ombe ya m'dzinja.

"Penti wosanunkha ndi penti ameneyo? Ili ndi phala la ana, a Twaibu."

"Anzanu akugula."

"Anzanga ake ati? Opaka zimbudzi?"

Ndinatuluka osatsanzika (pambuyo pake ndinabwerera kukatenga njinga, ndinali nditaiiwala pakhomo pawo).

Wina anandiuza kuti ku Chipata zinthu zakale zimapezekabe. Ndinadula chiphaso pa boda n'kuwoloka. Ndinalowa sitolo ndi sitolo chivindikiro chakale chili m'manja ngati munthu wofunafuna m'bale wosowa. Mtsikana wina wogulitsa anachitembenuza, n'kuitana mnzake kuti adzaone. "Ba mdala, iyi penti inasila kudala! Mwaichosa kuti, kumanda?" Onse awiri kuseka mpaka kugwirana mapewa. Nawonso ananditulutsira kabotolo komwe kaja ka madzi, kochokera kufakitale komweko, kubiriwira kwake kwa ndowe komweko. Dziko lonse lapangana, ndikukuuzani. Ndinabwerako ndi fumbi lokha m'mphuno.

Kunyumba ndinali ndi kachitini kamodzi kotsala, kamene ndinkaganiza kuti kanatha. Nditakatsegula ndi mpeni ndinapeza pamwamba pali chikopa, koma pansi pali penti wolimba ngati chiponde chogonera. Mtundu wake womwewo! Ndinatsala pang'ono kuvina. Chofunika chinali kumusungunula basi. Thina wosungunulira penti kwa a Twaibu analipo, koma ine kubwereranso kumeneko nditanyoza phala lawo? Zosatheka.

Ndinayamba ndi petulo. Ndinapempha pang'ono kwa wakabaza wina, amene anandipatsa akudandaula ngati ndamupempha magazi. Penti anasungunukadi, koma dontho litagwera pa galasi lakutsogolo la kalole, galasilo linachita mtambo n'kukwinyika ngati nkhope ya munthu wodya bwemba. Ndinadula lina. Kenaka ndinathira palafini. Apo penti anapyapyala, n'kumayenderera m'zitseko, ndipo kuwala konse kunathawa. Kalole kanaoneka ngati kadwala malungo.

Apa m'pamene ndinakumbukira kalipentala wina amene ndinamuona akupukuta tebulo ndi mafuta kuti liwale. Ndinalowa m'khitchini n'kutenga botolo la mafuta a mtedza, oyenga konkuno.

"Bambo a Tadala, mafuta angawo mukupita nawo kuti?" anafunsa mkazi wanga.

"Kuntchito."

"Loleyo mukufuna kuikazinga?"

"Inu dziwani za ndiwo, za penti musiyire ife."

(Mawu amenewa amandibwezera mpaka lero, ngakhale ndikangofunsa kumene kuli mchere.)

Koma abale, kunena zoona, kalole kanawala. Kanawala kuposa chilichonse chimene ndinapangapo. Kubiriwira kwake kunali kwa chitseko cha khola chija ndendende. Ndinakaika pa dzuwa pamwamba pa thandala la mbale, n'kumakazungulira manja ali kumbuyo. Madzulo ndinakhudza ndi chala: nyatanyata. Ndinati mawa auma. Mawa lake chimodzimodzi, ndinati ndi chinyezi. Mkuja wake ndinapeza ntchentche itakanirira pa denga, miyendo ili m'mwamba, ndipo ndinaichotsa ndi singano n'kudziuza kuti penti wabwino ndi wochedwa kuuma.

Tsiku linali litasankhidwa kale. Mng'ono wa mkazi wanga ankakwatiwa ku tchalitchi cha ku Guilleme, a Mbewe ndiwo anali ankhoswe, ndipo ine ndinakonza zowapatsa mphatsoyo m'mawa wa ukwati, abale onse ali pompo, mtima wawo uli m'malo. Ankhoswe anga akanabwera mawa lake kudzatchulanso za chitengwa chitsulo chikadali chamoto. Ndikanatha kudikira, inde. Koma ndinadziuza kuti ndikanyamula pa thireyi, adzangoyang'ana, n'kuyamikira, ine n'kukabweza pa dzuwa.

A Mbewe anatuluka atavala jekete lawo loyera, limene anagula ku Zambia akadali pa lole. Jekete limenelo limakhala m'pepala lapulasitiki chaka chonse, limatuluka pa maukwati pokha, ndipo mwana akaliyandikira amakalipiridwa asanalikhudze. Ndinafika pakhonde, n'kunjuta pansi monga mkamwini, thireyi ili m'manja onse awiri.

"Ndabweretsa kanthu kochepa, bambo."

Anayang'ana. Anavula chipewa.

"Mtundu wake ndi womwewu," anatero motsitsa mawu. "Ndi bampala yomwe... Iwe, ng'ombe ija unaiona kuti?"

Misozi inayamba kulengeza m'maso mwawo, ndipo manja onse awiri anatambasuka. Tsopano ndikufunseni inu amene mukuseka: mkamwini angauze bwanji apongozi, pamaso pa mbumba yonse, kuti musagwire? Mphatso imalandiridwa ndi manja awiri, ndiwo mwambo wake. Ndinangotambasula thireyi. Anakanyamula. Anakatembenuza. Kenaka anakakumbatira pachifuwa ngati khanda, n'kumagwedeza mutu.

Pokachotsa panamveka kuti nyaaa.

Pa jekete panatsala lole yachiwiri. Chitseko, denga, chilichonse, chodindika bwinobwino kuyambira pa thumba mpaka pa mabatani. Iwo anali asanaone. Anapukuta misozi ndi chikhatho, tsaya lonse n'kubiriwira. Anagwira chipewa, chipewa n'kubiriwira. Mlamu wanga wina anakuwa kuti "Mayo ine, atsibweni!" ndipo m'pamene anaweramitsa mutu.

Zimene zinatsatira sindizifunira ngakhale mdani. Azimayi anathamanga ndi sopo, lole inangokula. Wina anabwera ndi palafini, lole inasanduka dambo. Wina anati mchere, wina anati phulusa. Minibasi yopita ku Guilleme inali ikuliza hutala pamsewu, mkwatibwi akulira kuti ufa wa kumaso ukuchoka. Jekete lina lowakwana panalibe, poti a Mbewe ndi munthu wa mapewa. Anapita choncho. Anaima kutsogolo kwa tchalitchi chodzaza akununkha palafini ndi mtedza, chifuwa chili biriwiri, ndipo akuchimuna onse amene anawapatsa moni wa pamanja anabwerera m'mipando akuyang'ana zikhatho zawo. Pa zithunzi zonse za ukwati umenewo alipo. Ine palibe, ndinali kuseri kwa galimoto.

Ndipo pamenepa m'pamene mkwiyo wanga wagona. Anthu amati ndine wopusa, chabwino. Koma kachitini kaja kakanakhala pa shelefu ya a Twaibu monga kale, ine mafuta a ndiwo ndikanawafuna chiyani? Munthu wagwira ntchito ndi chinthu moyo wake wonse, wachizolowera, akudziwa kuti chimauma liti, chimafuna bulashi yotani, ndiye wina amene sanagwirepo ngakhale msomali n'kungochichotsa, n'kukupatsa madzi obiriwira kuti uzisangalala. Osatsanzika, osachenjeza kuti tigule tisunge. Ukadandaula akuti anzanu akugula. Ameneyo ndiye anadetsa jekete la a Mbewe, ine ndinangonyamula thireyi.

Mawa lake ankhoswe anga anapitabe, poti uthenga unali utaperekedwa kale. Ine ndinakhala patali, pa chitsa, mutu uli pansi. A Mbewe anamvetsera mpaka kumapeto, osadula mawu. Kalole kanali pambali pawo, pa kampando, nyerere zikukazungulira.

"Mkamwini wathuyu ndi mmisiri," anatero. "Zimenezo ndavomera lero. Lole iyi ndi yanga yeniyeni, sindinaganize kuti ndidzaionanso. Ndiye mwana wa mlongo wanga adzamutenga."

Ndinadzutsa mutu. Ankhoswe anayamba kuwomba m'manja.

"Adzamutenga tsiku limene penti uyu adzaume."

Anthu anaseka mpaka kugwa m'mipando. Ine ndinkaganiza kuti ndi nthabwala ya tsiku limodzi, koma a Mbewe nthabwala zawo amazisunga ngati jekete. Kalole anakaika m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu a alendo, pamene dzuwa ndi mphepo sizifika. Ndinapempha kuti ndikatenge ndikakapale n'kupakanso. Anakana. Akuti mtunduwo sungapezekenso, ndipo pamenepo sindingawatsutse, poti ndi zimene ndakhala ndikulalikira ine ndemwe.

Mvula yagwa, yatha, mtedza takumba, tagulitsa. Ine ndikupalasabe njinga kupita pa Boma, ndipo penti wa madzi uja sindinagulebe (a Twaibu akandiona amangokweza kabotolo m'mwamba). Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndimadutsira kwa a Mbewe. Amandilandira bwino, amatsegula okha kabati, n'kubwerera pa mpando wawo kukaonerera. Amake Tadala amaima pakhomo atanyamula mwana, ndipo kuima kwawoko ndi kumene kumandipweteka kuposa zonse, chifukwa makatoni awo a ziwiya anamanga kalekale ndipo sanamasule.

Lamulungu lapitali ndinakhudza pa denga pang'onopang'ono, ndi nsonga yokha ya chala, ndikupemphera chamumtima.

"Bwanji, mkamwini?" anafunsa a Mbewe.

Ndinabisa chala m'thumba la thalauza, koma anali ataona kale.

"Tsekani kabatiyo bwinobwino," anatero. "Mungalowetse mphepo."